Mawu a Amayi Anafika Bwanji ku United Nations?

Lero tikambirane funso ili: kodi malamulo a maiko onse oteteza amayi anachokera kuti? Ambirife timaganiza kuti amayambira kwa akuluakulu a boma okha. Tiyeni tione mmene zinayendera.

M'chaka cha 1979 bungwe la United Nations linavomereza pangano lothetsa tsankho la mtundu uliwonse kwa amayi, lotchedwa CEDAW. Dziko la Malawi linalowa m'panganoli mu 1987. Panganoli linanena za maphunziro, ntchito, umoyo, ukwati ndi chuma, koma silinatchule za nkhanza zomwe amayi amakumana nazo m'nyumba. Maboma ambiri ankati kumenyedwa kwa mayi ndi nkhani ya m'banja, yoyenera ankhoswe.

Amene anakana maganizo amenewa ndi mabungwe omwe si aboma. Mu 1981 amayi a ku Latin America, atasonkhana ku Bogotá, anasankha tsiku la 25 November kukhala lokumbukira amayi ozunzidwa. Patsikuli mu 1960 amayi atatu apachibale a banja la Mirabal anaphedwa ku Dominican Republic chifukwa chotsutsa ulamuliro wankhanza wa Trujillo. Mu 1991 mabungwe anayambitsa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December. Anasonkhanitsanso masaini a anthu a m'maiko oposa 100, kupempha kuti ufulu wa amayi uwerengedwe ngati ufulu wachibadwidwe.

Pamsonkhano waukulu wa ku Vienna mu June 1993, mabungwewa anabweretsa amayi ozunzidwa kuti adzifotokozere okha zomwe zinawachitikira. Maboma sanathenso kutseka makutu. Mu December chaka chomwecho United Nations inalengeza chikalata chothetsa nkhanza kwa amayi, ndipo mu 1994 inasankha Radhika Coomaraswamy wa ku Sri Lanka kuti azifufuza za nkhanzazi m'maiko onse.

Kuno ku Africa, mabungwe a amayi analimbikira mpaka atsogoleri anavomereza pangano la ku Maputo mu 2003. Kwathu kuno lamulo loletsa nkhanza m'banja linadutsa mu 2006, mabungwe atalipempha kwa zaka zingapo.

Tiphunzirepo zinthu zitatu. Choyamba, mabungwewa anasonkhanitsa umboni weniweni. Chachiwiri, anagwirizana ngakhale anali osiyana zilankhulo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, sanatope: kuchokera ku Bogotá kufika ku Vienna panapita zaka 12.

Komabe pangano lolembedwa papepala silibwezera mayi wamasiye katundu wolandidwa. Limagwira ntchito ngati ife tikulidziwa ndi kufunsa mafumu, aphungu ndi apolisi kuti alitsate. Tsopano tigawane m'magulu, tikambirane: ndi mchitidwe uti m'mudzi mwathu umene ukupondereza amayi, ndipo tikaunena kwa yani?