SEGA NDI NINTENDO: KUTHAMANGA SI KUFIKA

Nkhani ya lero iri kunena za makina awiri a masewera olumikiza ku wailesi ya kanema, ndiwo Mega Drive a kampani ya Sega ndi Super Nintendo a kampani ya Nintendo. Anyamata amene anali kutsutsana za maina amenewa ku Matero ndi ku Chawama m'zaka za m'ma 1990 tsopano ali ndi mabanja, ndipo ena afuna kugulira ana awo masewera amene iwo anakula nawo. Popeza ndarama ya munthu wa nchito ituruka m'thukuta, nkwabwino kumva mbiri ya makinawa asanapite ku sitolo.

Makampani onse awiri ndi a ku Japan. A Nintendo anayamba mu 1889 mu mzinda wa Kyoto, napanga makhadi osewerera. Mu 1983 anaturutsa makina ochedwa Famicom, amene anagulidwa kwambiri kotero kuti opanga masewera anali kutsata malamulo a Nintendo, angakhale anali owawa. A Sega, amene anali kudziwika ndi makina oponyamo khobidi, anafuna kuthyola ufumu umenewu. Mu October 1988 anaturutsa Mega Drive ku Japan, mu 1989 ku America ndi dzina lakuti Genesis, ndipo mu 1990 ku Ulaya. A Nintendo sanafulumire ai. Makina awo atsopano anaoneka ku Japan mu November 1990, ku America mu 1991, ndi ku Ulaya mu 1992.

Kodi m'kati mwace anasiyana bwanji? Kacipangizo kamene kawerengera zonse mu Mega Drive, kochedwa Motorola 68000, kanali ndi liwiro la 7.6 MHz, pamene ka mu Super Nintendo kanalekeza pa 3.58 MHz. Cifukwa cace masewera othamanga ndi a mpira anali kuyenda bwino pa Sega. Koma pa maonekedwe zinthu zinatembenuka. Super Nintendo anali kuonetsa mitundu 256 nthawi imodzi, yosankhidwa mwa mitundu 32,768, pamene Mega Drive sanapitirire 64, yosankhidwa mwa 512. Nyimbo zace zinalinso zokoma, pakuti kacipangizo ka mau kanapangidwa ndi a Sony. Wina anali ndi miyendo, mnzace anali ndi nkhope ndi mau.

Nkhondo yeniyeni inamenyedwa ku America. Mu 1990 a Sega analemba nchito Tom Kalinske kuti ayang'anire malonda awo kumeneko. Iyeyu mu 1991 anatsitsa mtengo kufika madola 149, naikamo kwaulere sewero la Sonic, kanungu kothamanga ngati mphepo. Super Nintendo pamodzi ndi sewero la Super Mario World anali pa madola 199. Makolo anawerenga ndarama zawo, ndipo pofika 1992 a Sega anali atalanda koposa theka la msika wa makina a mtundu umenewo m'dzikomo. Sewero loyamba la mpira la FIFA linaturukanso poyamba pa Mega Drive, mu December 1993.

Caka comweco kunabuka mlandu wa Mortal Kombat, sewero la ndeu loonetsa magazi. A Nintendo anacotsamo magaziwo naikamo thukuta. A Sega anawabisa cabe, kotero kuti mwana wodziwa kudina mabatani ena anali kuwabwezeramo, ndipo sewero lawo ndilo linagulidwa koposa. Makolo anadandaula, ndipo mu December 1993 akuru a makampani awiriwa anakanenezana pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya America. Zotsatira zace, mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB, lolemba pa bokosi msinkhu wa munthu woyenera kusewera.

Tsono a Sega anagwa bwanji, pokhala anali patsogolo? Anatopetsa ogula awo. Anaturutsa Mega-CD, cipangizo columikiza ku Mega Drive, cimene ku America cinagulitsidwa madola 299 mu 1992. Mu November 1994 anaonjezanso cina cochedwa 32X, ndipo mwezi womwewo anaturutsa ku Japan makina ena atsopano ochedwa Saturn. Akale anati mapanga awiri abvumbwitsa. Munthu wogula 32X anapeza kuti masewera ace ngokwana 40 okha, ndipo mu 1996 eni ace anacileka. Wotaya ndarama motero sabwereranso. A Nintendo anakhala pa makina amodzi omwewo nawadyetsa masewera abwino, monga Donkey Kong Country wa mu 1994. Pa mapeto Super Nintendo anagulidwa okwana 49 miliyoni pa dziko lonse, ndipo Mega Drive opangidwa ndi a Sega anapitirira pang'ono 30 miliyoni. Mu 2001 a Sega analeka kupanga makina a masewera a m'nyumba, ndipo caka comweco Sonic anayamba kuthamanga pa makina a Nintendo, mdani wace wakale.

Nanga m'makomboni a Lusaka anapambana ndani? Kunena zoona, sanapambane mmodzi wa awiriwa. Citapita cisankho ca October 1991, boma la Frederick Chiluba linatsegula malonda, ndipo katundu wakunja anadzaza masitolo a ku Kamwala ndi misika. Koma kwacha inagwa. Mu 1992 mitengo ya zinthu inakwera koposa kawiri, ndipo mu 1993 inateronso. Mafakitale anali kutsekedwa, ndipo ku migodi anthu anali kucotsedwa nchito. Nyumba zambiri za ku Kanyama ndi ku George zinalibe magetsi, ndipo pa nyumba imene panali kanema ana a m'dera lonse anali kusonkhana pomwepo. Makina a madola 149 anali loto cabe kwa munthu wosowa ya ufa.

Amene analowa m'nyumba zambiri anali makina otsanzira, ocokera ku Taiwan ndi ku China. Ena anaumbidwa ngati Mega Drive, koma m'kati mwace munali Famicom wa mu 1983. Makaseti ace anali ang'ono, ambiri acikasu, ndipo pamwamba panalembedwa kuti muli masewera zikwizikwi, cikhalireco anali masewera owerengeka obwerezedwa ndi maina ena. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana anakondwera nawo ndithu, ndipo palibe coipa pa cimeneco ngati munthu walipira mtengo wa cinthu cotsanzira. Coipa ndi kulipira mtengo wa ceniceni.

Cotero wogula lero asamale zinthu zitatu. Coyamba, ayese makina asanapereke ndarama. Makina olembedwa Sega amene aonetsa Super Mario ngabodza, pakuti a Nintendo sanaturutse Mario pa Mega Drive. Caciwiri, ayang'ane za magetsi. Magetsi a m'Zambia ndi a mavoti 230, a ku America 120, a ku Japan 100, ndipo adaputala ya ku maiko awiriwo ikalumikizidwa ku khoma popanda cotsitsa mphamvu imapsa. Cacitatu, kamfuti koombera abakha m'sewero la Duck Hunt kagwira nchito pa kanema wakale wa cimsana yekha, osati pa wopyapyala wa masiku ano.

Wofuna masewera enieni a makampaniwa adziwenso kuti mu 2017 a Nintendo anapanga Super Nintendo wamng'ono wokhala ndi masewera 21 m'kati, ndipo mu 2019 a Sega anapanga Mega Drive Mini wa masewera 42. Nawonso atsanziridwa, motero lamulo ndi lomwelo: dzina la pa bokosi lisakhulupiriridwe kufikira makina atayatsidwa ndi kuyesedwa pamaso pa wogulitsa.