Luso la Manja ndi Makina a Makono pa Zobvala Zathu

Ndapemphedwa kuti ndilankhulepo za zobvala, makamaka za m'mene luso la manja limene makolo anatisiyira lingakhalire pamodzi ndi makina a masiku ano.

Coyamba tikumbutsane kuti Mcewa sanaphunzire kubvala kwa mlendo. Makolo athu anali kusenda khungwa la mombo, kulinyika m'madzi ndi kulipuntha pa cipika kufikira litafewa ndi kutambasuka kukhala nyanda. Analinso kulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu yolimba yochedwa macila, ndipo nchito yoombayi inali ya amuna. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa mu 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe, anaziona nsalu zimenezi nalemba za izo. Koma merikani ndi nsalu zina za m'mafakitale zitafika, zopepuka ndi zochipa, oomba anasiya mmodzimmodzi. Makina sanatilande lusoli ndi nkhondo ai. Eni ake anapita nalo kumanda popanda wolilandira, ndipo lero mungayende midzi yambiri ya ku Katete ndi ku Chadiza osapeza mkulu wodziwa kuomba macila.

Tayang'anani tsono citenje cimene amai ambiri abvala pano. Timacinyadira monga cathu, ndipo ndi cathudi, koma mbiri yace ndi yodabwitsa. Anthu a pa cisumbu ca Java anali kulemba maluwa pa nsalu ndi phula lotentha, ndi manja, asanaiviike mu utoto. Adachi anafuna kucita zomwezo ndi makina, ndipo kampani ya Vlisco, imene inayamba mu 1846 ku Helmond, ikali kupanga nsalu zotere. Phula la m'makina linali kung'aluka, utoto nulowa m'ming'alumo ndi kusiya timizere. Eni luso a ku Java anaona timizereto ngati cilema, koma anthu a kumadzulo kwa Afirika anatikonda, ndipo amai a m'misika ndiwo anayamba kuzicha maina nsaluzo ndi kuuza amalonda mitundu imene ifunika. Apa pali cinthu coti tigwire: makina anatha kusindikiza, koma tanthauzo anaikamo ndi anthu obvala. Ifenso tinali ndi mafakitale athu ku Kafue ndi ku Kabwe. Ya Mulungushi ku Kabwe inaima mu 2007, ndipo zitenje zambiri za m'misika ya Chipata zicokera kunja, makamaka ku China. Pamaluwa onse osindikizidwa pa zitenje zimenezi, ndi angati amene anatengedwa pa licero, pa mkeka kapena pa mbiya ya Mcewa?

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sitikana kalumo, koma mutu wometedwa ndi wathu. Mnyamata wina wa Cixhosa ku South Africa, Laduma Ngxokolo, anaonetsa m'mene kalumo kotere kagwiridwira. Kwao anyamata akacoka ku mdulidwe amagulidwira zobvala zatsopano, ndipo kwa zaka zambiri anali kubvala majuzi a maluwa a ku Ulaya. Iye, amene amai ace anamphunzitsa kuluka pa makina ali wamng'ono, anatenga mitundu ndi kasanjidwe ka mikanda ya Cixhosa nakaika pa majuzi olukidwa ndi ubweya wa nkhosa ndi mbuzi za kwao. Mu 2010 anapambana mpikisano ku London, ndipo zobvala zace za MaXhosa zidziwika tsopano m'maiko ambiri. Cimene ndifuna mumve ndi cakuti iye sanayambire pa makina. Anayambira pa mwambo wa kwao ndi pa mikanda ya agogo ace, makina nabwera pambuyo monga wanchito. Kodi namwali wa Cicewa poturuka m'cinamwali sangabvale nsalu ya maluwa a kwao?

Sitifunika kupita kutali. Ku Mfuwe, m'cigawo cathu comwe cino, a Tribal Textiles amalemba maluwa pa nsalu ya thonje ndi phala la ufa, napaka utoto ndi manja, naiotca mu uvuni kuti utoto ugwire, kenaka nakokota phalalo. Kusoka ndi kwa makina, ndipo ogula a kutsidya kwa nyanja aziona nsaluzo pa intaneti. Ku Uganda, Abaganda sanaitaye nyanda yao. Amasenda mtengo wa mutuba, wa mtundu wa kacere wathu, naukulunga ndi masamba a nthoci kuti khungwa limerenso, motero mtengo umodzi uwapatsa nyanda caka ndi caka. Bungwe la UNESCO linalemekeza luso limeneli mu 2005, caka comwe linalemekeza Gule Wamkulu, ndipo osoka a makono, monga José Hendo wa ku London, asokera nyandayo madiresi ndi majekete.

Makina a lero ali ndi ubwino umodzi umene a kale analibe. Fakitale yakale sinali kuyatsa makina cifukwa ca zitenje khumi. Inafuna mamita zikwizikwi. Tsopano mwana wodziwa kompyuta atha kujambula ndi foni kalukidwe ka nsengwa, kukakonza bwino, ndi kukasindikiza pa nsalu yokwanira banja limodzi kapena mudzi umodzi. Telala wa pa khonde la sitolo ku Katete aonetsa nchito yace pa WhatsApp kwa mbale wa ku Lusaka kapena ku Johannesburg. Agogo okhala ndi mphini pankhope atsala owerengeka. Atabvomera, mphinizo zingajambulidwe ndi maina ace zisanapite monga anapitira macila. Koma kupepuka komweku ndiko bvuto. Cimene mwana wathu ajambula m'kanthawi kocepa, mlendo acijambulanso, nacisindikiza kwao, nadzatigulitsa ife tomwe. Mai amene anatha sabata akung'amba nsungwi ndi kuluka sapatsidwa ngakhale ngwee, ndipo dzina lace silichulidwa.

Palinso zinthu zosayenera kuikidwa pa nsalu, cinkana makina atha. Gule aonekera pabwalo kwa onse, koma za kudambwe ziri ndi eni ace. Wofuna kusindikiza cirombo pa malaya ayambe wakagwada kwa eni mzinda, ndipo akamkaniza amve. Kompyuta siidziwa mwiko, ndiye woigwira ayenera kuudziwa.

Boma la Zambia linakhazikitsa lamulo nambala 16 la 2016, loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za mitundu ya anthu, ndipo lipatsa eni mwambo mphamvu yobvomereza kapena kukana ena kucita nazo malonda, ndi kulandirako phindu. Lamulo lotere ligwira bwino nchito pamene eni ace adziwa zimene ali nazo. Pempho langa kwa inu mafumu ndi ili: nyakwawa iriyonse iitanitse oluka, oumba ndi otunga mikanda a m'mudzi mwace, ndipo acinyamata odziwa foni alembe luso lirilonse, dzina lace, tanthauzo lace, mwini wace ndi mudzi wace. Zolembedwazo zisungidwe kwa mfumu, kuti wosoka kapena wosindikiza wofuna maluwa a Cicewa adziwe khomo logogoda ndi munthu womlipira.