Beppo ndi Mkaka wa Mwana: Zimene Ndinayankhula ku Kalabu

Lero mundilole ndisiye kaye nkhani ya mbewu ndi feteleza, ndikambe za kanema wakale.

Kanemayu dzina lake ndi The Italian, anatuluka ku America mu 1915. Nthawi imeneyo kanema analibe mawu, anthu amangoseweretsa nkhope ndi manja, mawu ochepa n'kumawalemba pa chinsalu. Amene anasewera ngati mwini nkhani ndi George Beban.

Nkhani yake ili motere. Beppo anali wopalasa bwato mu mzinda wa Venice ku Italy. Anakonda mtsikana, Annette, koma bambo ake a mtsikanayo amafuna mkamwini wachuma. Anamupatsa chaka chimodzi kuti apeze ndalama. Mnyamata uja basi, ulendo wa ku New York. Sanali yekha ayi, pakati pa 1880 ndi 1920 anthu a ku Italy pafupifupi 4 miliyoni anapita ku America. Atafika, ntchito imene anapeza ndi yopukuta nsapato mumsewu.

Tsono mvetserani apa. Kunali bwana wandale, Corrigan, amene anapatsa Beppo ndalama kuti akope anzake a ku Italy pa voti. Ndalama zimenezo zinathandiza kuitanitsa Annette, anakwatirana, n'kubadwa mwana, Tony. Kenako kunatentha koopsa, mwana n'kudwala. Dokotala anati akufunika mkaka wabwino wa kusitolo. Beppo akupita kukagula, akuba anamulanda ndalama zake zomaliza. Iye atawapeza n'kumenyana nawo, apolisi anagwira ndani? Anagwira Beppo! Anapempha Corrigan kuti amuthandize, bwana uja anamukankha ngati sanamuonepo. Voti inali itapita kale. Anakhala mundende masiku asanu, potuluka anapeza mwana atamwalira.

Masiku asanu ndi ochepa kwa munthu amene kwawo kuli chakudya. Kwa Beppo anali moyo wa mwana. Ine chimene chimandiwawa ndi chakuti palibe amene anamufunsa kuti ndewu yayamba bwanji. Anangoona zovala zake ndi chilankhulo chake, mlandu watha.

Kumapeto mwana wa Corrigan nayenso akudwala. Beppo akulowa m'nyumba mozemba kuti abwezere, koma kamwanako kali m'tulo kakuika dzanja monga ankachitira Tony. Mtima unagwa, anatuluka. Tikumuona komaliza ali pamanda a mwana wake. Corrigan palibe chimene chinamuchitikira, ndipo pamenepa opanga kanema sananame.

Abale anga, tonse muno tili ndi wina ku Joni. Mukukumbukira mu 2013 ku Daveyton, Mido Macia, mnyamata wa kuno ku Mozambique woyendetsa takisi, apolisi anamumangirira kumbuyo kwa galimoto yawo n'kumukoka mumsewu. Anafera m'chitokosi. Anthu anajambula pa foni, dziko lonse linaona, ndipo mu 2015 apolisi 8 anagamulidwa zaka 15 aliyense. Pamlandu wa Beppo panalibe wojambula, mboni zake ndi ife oonera kanema basi.

Sabata yamawa tibwerere ku nkhani ya mbatatesi.