Armenia: Mtundu Ukaleka Kufunsa



Anthu a ku Armenia akhala ndi zilembo zawozawo kuyambira cha mu 405, pamene Mesrop Mashtots anazikonza. Koma Soviet Union itagwa mu 1991, magetsi anasoŵa, ana anaphunzira m'zipinda zozizira, malipiro a aphunzitsi anatha mphamvu, akatswiri ambiri nasamukira kunja. Otsutsa maganizo a gulu anachepa.

Mu 1997 Pulezidenti Levon Ter-Petrosyan analangiza kuti amvane ndi Azerbaijan pa za Nagorno-Karabakh. Sanamumvere, anatula pansi udindo mu 1998. Mu 2020 anagonja pankhondo, ndipo mu 2023 anthu oposa 100,000 anathaŵa m'chigawocho.

Mtundu wonyadira mbiri yake, koma wosasamala mphunzitsi ndi womuchenjeza, umayenda mumdima. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.