Phiri la Ndirande pa chithunzi cha setilaiti

Ambiri a ife tinakula tikuona phiri la Ndirande litavala nkhalango ya paini. M'zaka za m'ma 1990 mitengo ija inatha. Tikamafotokoza, ana athu amati tikukokomeza. Koma mboni ilipo, ndiyo makina ojambula otchedwa Landsat, amene dziko la America linayamba kutumiza mumlengalenga mu 1972. Kuyambira 2008 zithunzi zake zimapezeka pa intaneti popanda kulipira.

Tsono pa zithunzi zotere tisadabwe kuona mbali za Michiru pamene patsala mitengo, kumtunda kwa Chilomoni, zili psuu kufiira. Si moto ai. Dzuwa lili ndi kuwala kwina kumene maso athu saona, kotchedwa infrared. Tsamba lamoyo limabweza kuwala kumeneku kwambiri, pamene madzi amakumeza. Makina amakuyeza, koma poti kulibe mtundu, akatswiri amakubwereka wofiira, monga aphunzitsi amachitira ndi choko cha mitundu pa bolodi kuti ana asiyanitse mtsinje ndi msewu. Choncho masamba amafiira, malata ndi misewu ya ku Bangwe ndi ku Machinjiri imatuwa, madzi a m'damu la Mudi amada.

Apa m'pamene tiyenera kuchenjera. Makinawa sasankha tsamba: la mbawa, la chimanga, la udzu, onse amafiira. Chithunzi cha mu February chionetsa Ndirande yense ali wofiira chifukwa cha chimanga chimene talima mpaka pamwamba, ndipo munthu wofuna mavoti angathe kutiuza kuti nkhalango yabwerera. Mu September, chimanga chitakololedwa ndi udzu utauma, kufiira kumatsala pa mitengo ndi m'madimba basi.

Nkhaniyi si ya akatswiri okha. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, pafupi ndi Zingwangwa pompa. Pa chithunzi, njira za matope otere zimaoneka ngati zipsera zotuwa zodutsa pakati pa kufiira, ndipo tingathe kuona madera amene anthu amangamo nyumba kunsi kwake.

Ndiye khansala kapena bungwe likabwera kwathu ndi chithunzi kunena kuti mitengo imene linabzala yamera, tifunse mwaulemu kuti chinajambulidwa mwezi uti. Tipemphenso chinzake cha malo omwewo, mwezi womwewo, chaka chimene ntchitoyo inali isanayambe, tiziike pamodzi patebulo.