Walira thirakitala walira girizi

Mawu amene mtolankhani wathu adalankhula kwa alimi a m'makalabu ku Thekerani, m'boma la Thyolo.



Mwandiitana kuti tikambe za zitsulo zimene thirakitala yaing'ono imakoka kapena kuyendetsa: pulawo, chokwezera mizere, ngolo ndi makina otonolera chimanga. Wina afunsa kuti munthu wolemba za ndale alowa bwanji m'nkhani ya mabawuti. Yankho langa ndi lakuti nkhaniyi ndi ya ndale ndithu.

Makolo athu kuno ku Thyolo thirakitala ankaionera ku maesiteti a tiyi monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba. Idali ya bwana, ndipo ikafa ankaidzutsa ndi amakaniko a bwana. Boma litakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, mlimi wamng'ono adayamba kulima tiyi wakewake, komabe mbande, feteleza ndi galimoto yonyamula masamba zinkachokera kumwamba. Tidazolowera kudikira. Pa 14 June 1993 tidavotera matipate, koma chizolowezi chodikira sichidathe ndi voti.

Nanga kudikirako kudatipatsa chiyani? Boma lidagula mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144 ndi ngongole ya ku India, amvekere athandiza alimi. Mu 2016 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, idapeza kuti makina ambiri adagulitsidwa mosatsata ndondomeko. Ngongole yokha ndiyo idatsalira tonsefe. Choncho kalabu imene yasonkherana n'kugula chitsulo chake isayembekeze kuti chikafa wina adzabweretsa china. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsono chitsulo sichifa tsiku limodzi. Chimafa pang'onopang'ono ndi zinthu zimene mungazithetse pakhomo panu.

Choyamba ndi dzimbiri. Dothi lathu lofiirali limakakamira pa pulawo n'kusunga chinyezi, ndipo chiperoni chikabwera chitsulo chimagona chonyowa masiku angapo. Mukaweruka, palani dothi lonse. Nyengo yolima ikatha, tsukani, umitsani, pakani oilo wakutha wa mu injini, ndipo muchiike pa zigogo m'chisakasa, osati pa dothi pansi pa nthochi.

Chachiwiri ndi mabawuti ndi girizi. M'mawa musanatuluke, zungulirani chitsulo chonse ndi sipanala. Bawuti lolendewera limakuza bowo lake, ndipo bowo likakula ndiye kuti ulendo wa kwa wowotcherera zitsulo wapsa. Paliponse pozungulira pafunika girizi. Mukamva kulira kwachilendo imani pomwepo, musati timalize kaye mzerewu.

Chachitatu mumvetsetse bwino. Pa zitsulo zambiri pamakhala bawuti limodzi lofewa, lopangidwa dala kuti liduke chitsulo chikagunda mwala kapena chitsa. Likaduka lagwira ntchito yake. Anthu ena amaikapo bawuti lolimba n'kumadzitama kuti athana nalo vuto, koma tsiku lina chimene chimathyoka ndi chitsulo chenichenicho kapena magiya. Sungani mabawuti ofewa awiri kapena atatu. Zipangizozi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake idakwera. Kuwonjezera apo, zikakusowani m'mvula zoyamba, pamene mukupita ku Limbe n'kubwerako anzanu adzala kale.

Chachinayi ndi moyo wanu. Dera lino ndi la zitunda. Ngolo yodzaza nkhuni kapena matumba imakankha thirakitala potsetsereka, choncho onani pini yolumikizira ndi kachitsulo koitsekera, musamangepo waya kapena msomali. Musagwire chilichonse injini ikulira. Musalowe pansi pa pulawo yokwezedwa musanaichirikize ndi chigogo. Amayi, shafiti yozungulira kumbuyo kwa thirakitala ikagwira chitenje siisiya, ndiye chivundikiro chake chisachotsedwe ndipo ana atalikire.

Chomaliza ndi buku. Pa ndalama iliyonse imene kalabu yalandira polimira munthu, patulani ina ya girizi ndi zipangizo. Lembani tsiku limene chitsulo chatuluka, amene wachitenga ndi mmene wachibwezera. Bukulo liziwerengedwa pamsonkhano, pamaso pa aliyense, ndipo apampando akabwereka alembedwe ngati wina aliyense. Zimene timafuna kwa nduna ku Lilongwe tiyambe kuzichita pa kalabu pathu pano.

Kwa inu abale a m'tauni, ndi inu mudabwerako kunja mutakhala zaka zambiri kothawira, amene mumagulira achibale makinawa: musatumize chitsulo chokha. Tumizaninso masipanala ndi pampu ya girizi, ndipo mnyamata kapena mtsikana mmodzi akakhale kwa makaniko aphunzire. Walira mvula walira matope.