Ma bot sasankha bizinesi yaikulu: mawu kwa amalonda ndi mabungwe athu kunja kuno



Ambiri mwa ife tili ndi kabizinesi pambali pa ntchito. Ena amatumiza katundu kumudzi pa kontena, ena amagulitsa ufa, usipa ndi zitenje pa intaneti, ena ali ndi saluni yomwe makasitomala amalipiriratu pa webusaiti. Mabungwe athu nawonso ali ndi tsamba lolandirira zopereka, makamaka pakagwa maliro. Lero ndikufuna tikambirane za wakuba yemwe ambirife timaganiza kuti amangolimbana ndi mabanki ndi makampani akuluakulu.

Wakuba ameneyu ndi pulogalamu ya kompyuta yomwe imagwira ntchito yokha, mobwerezabwereza, popanda munthu kukhudza kiyibodi. Anzathu a za makompyuta amaitcha bot. Ena mwa ma bot ndi othandiza, monga a Google omwe amawerenga masamba kuti anthu akupezeni akamasaka. Koma kampani ya Imperva, yomwe imachita kafukufuku wa nkhaniyi chaka ndi chaka, inapeza kuti mu 2024 zoposa theka la zochitika pa intaneti zinali za ma bot, ndipo 37 peresenti zinali za ma bot oipa.

Wakuba wa kumsika amayamba waona kaye nyumba yomwe ili ndi katundu wofunika. Bot ilibe nthawi yosankha. Imagogoda pa chitseko chilichonse chomwe yapeza, chifukwa kugogodako sikuidyera ndalama. Tsamba la bungwe la anthu 60 ku Leeds kapena la saluni ya ku Randburg limagogodedwa mofanana ndi la sitolo yaikulu. Kusiyana kwake n'kwakuti sitolo yaikuluyo ili ndi anthu olembedwa ntchito yoyang'anira zimenezi, pomwe ife tili ndi msungichuma yemwe amagwira shifiti ya usiku.

Njira yoyamba yomwe imatipweteka ndi yoyesa makhadi. Zigawenga zimagula mndandanda wa manambala a makhadi a banki obedwa. Ambiri mwa makhadiwo amakhala atatsekedwa kale, choncho amafuna kudziwa omwe akugwirabe ntchito. Amatuma bot kuti iyese kulipira kandalama kochepa, paundi imodzi kapena ma randi 10, pa tsamba la munthu wina. Pa usiku umodzi itha kuyesa makhadi mazanamazana. Masamba olandirira zopereka ndi omwe amawakonda kwambiri, chifukwa aliyense atha kulemba ndalama iliyonse, safunsidwa kutsegula akaunti, ndipo palibe adiresi yotumizirako katundu.

Mwina mukuti, bola ndalamazo zikulowa kwa ife. Vuto limabwera mwini khadi akaona ndalama yomwe sanalipire ndi kukadandaula ku banki. Banki imabweza ndalamayo, ndipo kampani yomwe imakulandirirani malipiro imakudulani chindapusa pa dandaulo lililonse, chomwe nthawi zambiri chimaposa paundi ija. Visa ndi Mastercard amayang'anira amalonda omwe ali ndi madandaulo ochuluka, ndipo kampani yanu itha kusunga ndalama zanu kwa kanthawi kapena kutseka akaunti. Tangoganizani zimenezi zitachitika sabata yomwe tikusonkha ndalama zotumizira thupi la m'bale wathu kumudzi.

Njira yachiwiri ndi yoyesa mawu achinsinsi. Kampani ina ikabedwa, ma imelo ndi mapasiwedi a makasitomala ake amafalikira. Bot imatenga imelo ndi pasiwedi zomwezo n'kuziyesa pa Facebook, pa Instagram, pa PayPal, pa imelo yanu ya bizinesi. Ngati mumagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse, kiyi imodzi yatsegula nyumba zonse.

Izi zinachitikira kampani ya ku America ya 23andMe, yomwe imayeza DNA ya anthu. Mu 2023 akuba analowa m'maakaunti pafupifupi 14,000 pogwiritsa ntchito mapasiwedi omwe eni ake anagwiritsapo ntchito kwina. Kudzera m'maakaunti ochepawo anafikira zambiri za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni. Mu June 2025 bungwe la ICO, lomwe limateteza zinsinsi za anthu ku Britain, linalipiritsa kampaniyo mapaundi 2.31 miliyoni. Pa bizinesi ngati yathu, wolowa mu imelo safunika kuba mamiliyoni. Amangolembera makasitomala anu kuti mwasintha akaunti ya banki, ndipo ndalama za kontena ya mwezi uno zimapita kwa iye.

Nkhani yabwino ndi yoti zambiri zodzitetezera ndi zaulere, zimangofuna kuti munthu akhale pansi.

Choyamba, yatsani chitetezo chachiwiri pa imelo, pa Facebook, pa WhatsApp Business ndi pa akaunti yolandirira malipiro. Pamenepo wakuba ngakhale atadziwa pasiwedi, amafunikabe nambala yomwe ili pa foni yanu. Pomwe n'kotheka gwiritsani ntchito pulogalamu ngati Google Authenticator m'malo mwa SMS, chifukwa kubera anthu posintha SIM khadi n'kofala, makamaka ku South Africa.

Chachiwiri, akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake. Simukuyenera kuziloweza zonse. Foni yanu ndi msakatuli wanu atha kuzisunga. Lowani pa haveibeenpwned.com, lembani imelo yanu, muone ngati inapezekapo pa zomwe zinabedwa kale.

Chachitatu, uzani amene anakupangirani webusaiti kuti aike chotchinga pa tsamba lolipirira. CAPTCHA, kapena Turnstile ya Cloudflare yomwe ndi yaulere, imachepetsa ma bot ambiri. Ikani ndalama yochepetsetsa yomwe munthu angapereke, mwachitsanzo mapaundi 5, ndipo onetsetsani kuti 3D Secure, chija banki imafunsa mwini khadi kuti avomereze pa foni, ndi yoyatsidwa. Afunseninso ngati angachepetse nthawi zomwe kompyuta imodzi ingayese kulipira pa ola.

Chachinayi, m'mawa uliwonse yang'anani malipiro a dzulo. Mukaona mayina achilendo ambiri, ndalama zazing'ono zofanana, ndi malipiro ambiri olephera pakati pa usiku, dziwani kuti mwayesedwa. Bwezani nokha ndalama zomwe zikukayikitsa mwini khadi asanadandaule, ndipo dziwitsani kampani yanu ya malipiro tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi lamulo. Ngati zambiri za makasitomala kapena mamembala zabedwa, ku Britain muyenera kuuza ICO pasanathe maola 72 ngati pali chiopsezo kwa anthuwo. Ku South Africa lamulo la POPIA limafuna kuti muuze Information Regulator ndi anthu okhudzidwawo mwamsanga. Kabungwe kakang'ono sikathawa udindo umenewu.

Pomaliza, a komiti, funso ili ndi lanu. Ndi anthu angati omwe akudziwa pasiwedi ya akaunti ya zopereka ya bungwe lino? Msungichuma wa zaka zitatu zapitazo akadalowamo? Imelo yomwe akauntiyo inatsegulidwira ndi ya ndani, ndipo ili ndi chitetezo chachiwiri? Mutu umodzi susenza denga, choncho amene mumadziwa za makompyuta khalani ndi a komiti tikamatuluka muno, mutenge mafoni, muyambe ndi imelo ya bungwe. Ntchitoyo simatha ola limodzi.